Sikusinja, Gwenembe ndi Njira ya ku Halale

Akuluakulu adati kuyenda awiri si mantha. Mwambiwu umatchulidwa pamene munthu akukana womuperekeza, ndipo umaphunzitsa kuti kutsagana ndi wina paulendo ndi nzeru, pakuti ukadwala m'njira mnzakoyo amakutungira madzi, ndipo zikavuta amakanena kumudzi. Koma makolo omwewo amene adasiya mwambiwu adasiyanso nthano yosonyeza kuti nthawi zina choopsa cha paulendo chimakhala munthu amene ukuwotha naye moto umodzi. Nthanoyo ndi ya Sikusinja ndi Gwenembe.

Thunthu la nthanoyi ndi lalifupi. Anyamata awiri apachibale adachoka kwawo kukafuna chuma kudziko lakutali. Sikusinja adagwira ntchito nasunga zimene adapeza, pamene Gwenembe nthawi yobwerera idamupeza alibe kanthu koti n'kuonetsa. Ali m'njira, pakati pa tchire, Gwenembe adapha mbale wake natenga katundu yense. Padalibe munthu woona, koma kambalame kadayamba kumutsatira kakuimba nyimbo yoneneza mlanduwo, ndipo ngakhale adayesetsa kukakhalitsa chete, kadafika naye mpaka kumudzi kumene anthu adamva zonse. John Gwengwe, yemwe adalembanso Kukula ndi Mwambo mu 1965, adaiika nthanoyi m'buku, ndipo ana ambiri adakumana nayo m'kalasi. Koma agogo adali ataisimba kale madzulo, adzukulu akuvomera kuti tili tonse.

Anthu awiriwa sadakhaleko ndi thupi, ndipo palibe mudzi umene ungaloze manda a Sikusinja. Komabe nthano siimera pathanthwe. Maulendo okafuna chuma adalipo Azungu asadafike. Amuna ankayenda masiku ambiri kukagula mchere ndi makasu, ena ankasenza minyanga ya njovu kupita ku Tete ndi kugombe la nyanja yamchere kukasinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda. Choncho kungakhale kulakwa kunena kuti nthanoyi idabadwira m'migodi. Chimene chili chodziwika n'chakuti kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kufikira m'ma 1970, ana ambiri omvera nthanoyi adali ndi bambo, malume kapena mkulu wawo ku Halale kapena ku Joni. Kwa iwo dziko lakutali lija lidali ndi dzina, ndipo tchire lija lidali njira yeniyeni imene anthu a m'mudzi mwawo adapondamo.

Chimene chidawatulutsa m'midzi poyamba ndi msonkho. Boma la atsamunda litakhazikitsidwa mu 1891 pansi pa Harry Johnston, posakhalitsa lidayamba kukhometsa msonkho wa nyumba. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 lamulo lidati munthu amene wagwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi alipire masheleni 3, koma amene sadagwire alipire masheleni 6. Malipiro a m'minda ya Azungu ya ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje adali ochepa poyerekeza ndi a ku Southern Rhodesia, ndipo a kumeneko nawonso ankachepera a m'migodi ya golide ya ku Transvaal. Mnyamata wodziwa kuwerengera sadasowe womuuza kolowera. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, limene anthu adalitcha Wenela, lidayamba kutenga amuna ku Nyasaland mu 1903. Ambiri adafa ndi chibayo chifukwa cha kuzizira ndi kuthithikana m'makomponi, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto, ndipo khomo limeneli silidatsekukenso kufikira m'zaka za m'ma 1930. Koma chiletsocho chidatseka khomo la Wenela lokha. Anthu adapitirira kupita paokha, ulendo umene pambuyo pake udadziwika kuti wa selefu.

Ulendo wa paokhawu ndiwo umafanana kwambiri ndi wa m'nthano. Ochokera ku Dedza, Ntcheu ndi madera oyandikana ankalowa m'dziko la Apwitikizi, n'kukawoloka Zambezi pabwato cha ku Tete, n'kudzera ku Mtoko mpaka kukafika ku Salisbury. Adali masabata angapo a pansi, kamba wake ufa, nyemba ndi kambatata kouma. M'njiramo mudali mikango, ludzu la m'chilimwe, achifwamba odikira obwerera ndi katundu, ndiponso olemba ntchito a chibalo amene ankakola anthu anjala ndi chakudya n'kuwatumiza kumigodi kumene munthu wodziwa sakadapitako mwa kufuna kwake. Munthu woyenda yekha m'njira yotere ankaonedwa ngati wotaya moyo wake dala.

Ndiye chifukwa chake mnyamata wopita koyamba ankaperekedwa m'manja mwa wina. Kawirikawiri adali mkulu wake, msuweni, malume wamng'ono kapena mnzake amene adakulira naye limodzi kubusa ndi kudambwe. Pano ndi poyenera kukumbutsa achinyamata kuti mawu akuti mbale m'Chichewa ndi otambasuka. Mwana wa mayi aang'ono kapena mayi aakulu ndi mbale weniweni, wa bere limodzi mwa agogo. Msuweni ndi mwana wa malume kapena wa azakhali. Ndipo anthu awiri amene adagawana kamba kuchokera ku Linthipe mpaka ku Mtoko ankafika akuitanana achimwene ngakhale mafuko awo adali osiyana. Udindo wa mbale wa paulendo udali wodziwika popanda kuulemba. Adayenera kugawana nawe chakudya, kukudwazika ukadwala, kukufunira malo pakomponi, kukulembera kalata ngati iwe sudziwa kulemba. Ukamwalira adayenera kuona kuti waikidwa mwaulemu, kusonkhanitsa katundu wako, ndi kudzamutula pamaso pa eni mbumba pamodzi ndi uthenga wa maliro. Ngakhale Hastings Kamuzu Banda adayenda njira ya mtundu umenewu. Adachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915 nakagwira ntchito pachipatala ku Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu, ndipo popitirira ku South Africa adatsagana ndi malume ake, Hanock Msokera Phiri.

Kukhulupirika kotereku kudaoneka ndithu kuchilendoko. Anthu a ku Nyasaland adakhazikitsa mabungwe a maliro m'migodi ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia, kumene aliyense ankasonkha kangachepe kuti mnzawo asaikidwe ngati galu. Adapita nawo magule awo, gule wamkulu ndi beni, ndipo madzulo a Loweruka komponi inkasanduka mudzi. Mu 1927, pamene ogwira ntchito pamgodi wa Shamva adanyanyala ntchito, ambiri mwa iwo adali ochokera ku Nyasaland, ndipo chimene chidawagwirizanitsa chidali chimodzimodzi chimene chidawadutsitsa m'tchire la Tete.

Koma komponi yomweyo ndiyo inkalekanitsa anthu amene adachoka kwawo ali ofanana. Malipiro ankawerengedwa pa tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku limene kapitawo wakana kulemba linkapita pachabe. Wina ankapeza ntchito ya ukalaliki kapena ya m'khitchini chifukwa adaphunzirako pamishoni, mnzake n'kumatsikira pansi kukaphwanya miyala. Panali mowa, njuga ndi akazi a m'tauni, zimene osimba nthano amakonda kutchula pofotokoza za Gwenembe. Panalinso misampha ina imene nthano siitchula. M'migodi ina eni masitolo adali ndi njira ya bokosi: munthu ankatenga bokosi pangongole, bokosilo n'kumasungidwa m'sitolo momwemo, iye n'kumaikamo katundu amene akugula pang'onopang'ono, akalephera kumaliza ngongole, zonse zinkatsalira mwini sitolo. Wina ankagona m'chipatala miyezi itatu ndi chifuwa cha fumbi la m'mgodi, ndalama zimene adasunga n'kuthera pomwepo. Choncho si aliyense wobwerera chimanjamanja amene adali waulesi kapena womwazamwaza. Nthano imafuna woipa mmodzi ndi wabwino mmodzi kuti ana amve msanga, koma mudzi umene unkaweruza amuna ake ndi muyeso wa nthanowu unkalakwira ambiri.

Ndipo mudzi unkaweruzadi. Tsiku lofika munthu wa ku Halale lidali tsiku la chionetsero. Bokosi linkatsekulidwa abale ali pomwepo: bulangete la mayi, nsalu za alongo, chikhothi cha malume, kasopo ndi mchere wa azakhali, ndipo m'zaka za pambuyo pake njinga, galamafoni kapena makina osokera. Mwa Achewa mwamuna ndi nkhoswe ya alongo ake ndi ana awo, ndipo ulemu wake umayezedwa ndi mmene mbumba yake ikuonekera. Tsono anthu awiri akachoka tsiku limodzi n'kubwera tsiku limodzi, wina ndi mtolo wolemetsa mutu, mnzake ndi malaya omwe adapita nawo, palibe ankafunika kulankhula kanthu. Amayi a pamtondo ankamaliza nkhaniyo dzuwa lisadalowe, mwinanso n'kuiika m'nyimbo. Apa ndi pamene pagona mtima wa Gwenembe. Anthu ambiri amati adapha chifukwa cha dyera, ndipo dyeralo lidalipo. Koma chimene chinkakula pa phazi lililonse loyandikira kumudzi chidali manyazi. Chuma cha mlendo sichipweteka mtima. Chimene chimapweteka ndi chuma cha munthu amene mudayamwa bere limodzi, pakuti iyeyo ndiye ndodo imene anthu adzakuyezera.

Nkhani yotere ikadafika pabwalo, akulu odziwa milandu sakadakayika za mlandu wa Gwenembe. Komabe pakadapezeka nkhalamba ina yofunsa funso lovuta: kodi awiriwa adayenda bwanji masiku onsewo, wina atasenza chuma, mnzake ali manja lendelende, osakhala pansi n'kupangana za mmene akalowere m'mudzi? Pajatu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Chibale chinkayembekeza kuti wopeza bwino atapeko nsalu ziwiri zitatu n'kupatsa mbale wake kuti naye akakhale ndi choika m'manja mwa mayi. Koma chibale chomwecho chili ndi mbali ina yowawa. Wolandirayo amadziwa kuti nsalu imene mayi ake avala si ya thukuta lake, ndipo wopatsayo amadziwanso. Chinsinsi chotere chimamanga anthu awiri moyo wawo wonse, wina pamwamba wina pansi. Pali amuna amene kupempha kwa mng'ono wawo kumawalemera kuposa njala. Funso la nkhalambalo silichotsa magazi m'manja mwa Gwenembe, koma limaonetsa kuti mwambi wakuti chibale ndi fupa sichiwola uli ndi mbali ziwiri, pakuti chinthu chosawola sichitayikanso ngakhale chikulemera.

Makolo adali nayo njira yothetsera mkangano wa pachibale popanda mpeni, ndiyo kupatukana. Mbiri ya pakamwa ya Amaravi imasimba kuti Undi, mbale wake wa Kalonga, atalambalalidwa pa nkhani ya ufumu, adachoka kulikulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka wa lero nalowera kumadzulo, kukakhazikika ku Mano, m'dziko limene tsopano ndi Mozambique. Popita adatenga Nyangu ndi akazi a banja lachifumu, kotero kuti pambuyo pake olowa ufumu wa Kalonga ankayenera kufunidwa kwa Undi. Mkwiyo udalipo, koma mzere wa magazi sudaduke, ndipo lero mfumu ya Achewa yokhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia imatchedwa ndi maina onse, Kalonga Gawa Undi. Midzi yambiri ing'onoing'ono idabadwa mwa njira yomweyi: abale akalephera kumvana, wina ankatenga mbumba yake n'kukamanga kutsidya kwa dambo, koma pamaliro ankakumana. Gwenembe adali ndi njira imeneyi patsogolo pake ndipo sadaitsate.

Tsono kambalame kaja. Kwa ana ndiko kokometsa nthano, chifukwa ndi pamene onse amalowa m'nyimbo. Kwa akulu a nthawi ya maulendo a pansi kadali yankho la nkhawa yeniyeni. Munthu akabwera yekha n'kunena kuti mnzake adagwidwa ndi mkango pafupi ndi Zambezi, kapena adamwalira ndi kutsekula m'mimba kuseri kwa Mtoko, mudzi udalibe mboni ina koma iye yemweyo. Mtembo padalibe, manda sankadziwika, kalata yochokera kwa bwanamkubwa kapena kumgodi sinkabwera kwa munthu wofera m'tchire. Abale ankalira ndi kumeta maliro potsamira mawu a munthu mmodzi. Nthawi zambiri mawuwo adali oona, ndipo wonenayo adali atasenza katundu wa malemu mtunda wonsewo mokhulupirika. Koma iyenso ankadziwa kuti maso ena akuyang'ana bulangete lake latsopano n'kumawerengera. Kale kukayikirana kotere kunkatha ndi mwavi, umene boma la atsamunda lidauletsa mu 1911, ndipo palibe wanzeru amene angaulire, pakuti udapha osalakwa ochuluka. Kudatsala kuombeza ula, ndi chikhulupiriro cha chirope, chakuti wokhetsa magazi a munthu amadwala kapena kupenga, n'kuyamba kuulula yekha zimene adachita. Kambalame kosafa kaja n'kogwirizana ndi chikhulupiriro chimenechi. Amati mlandu suwola, ndipo mnyamata aliyense womva nthanoyi asadanyamuke ankapita akudziwa kuti tchire lili ndi maso.

Maganizo oterewa sali mwa Achewa okha. Nkhani ya Kaini ndi Abele nayonso imanena za magazi a mbale onenera mlandu kuchokera m'nthaka. Ku Germany, m'nthano zimene abale awiri a Grimm adasindikiza mu 1812, muli ya fupa la munthu wophedwa ndi mbale wake limene lidasemedwa n'kuikidwa palipenga, n'kuyamba kuimba za imfayo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno nthanoyi idapeza njira yeniyeni yoti ikhalemo, ndipo idakhalamo zaka zoposa 50.

Njirayo idasintha pang'onopang'ono. Mu 1935 boma la Nyasaland lidasankha komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze za anthu opita kunja, ndipo idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, kuposa mmodzi mwa amuna anayi alionse amphamvu zawo. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adapangana za kayendedwe ka anthuwa. Padabwera malole a Ulere onyamula anthu kwaulere m'njira za ku Southern Rhodesia, kenaka bungwe lolemba ntchito la Mthandizi. Padabweranso dongosolo lakuti gawo la malipiro lisungidwe kuti munthu adzalandire atafika kwawo, zimene zidachepetsa chuma choyenda nacho m'thumba. M'zaka za m'ma 1950 Wenela idayamba kunyamula anthu pandege kudzera ku Francistown, ndipo tchire la masabata lidasanduka maola. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo adafa. Dr Banda adaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, ndi anthu ochepa, ndipo idatha kuyambira mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV.

Malole ndi ndege zidachotsa mkango ndi wachifwamba, koma tsiku lotsekula bokosi lidatsala momwemo. Ndipo apa mbiri ikusiyana ndi nthano. Amuna enieni amene adapezeka pamalo a Gwenembe, ochuluka zedi sadaphe munthu. Adasankha kusabwerera. Nthawi yonyamuka ikakwana ankauza mbale wawo kuti tsogolani, ine ndimalize tikiti imodzi, mukapereke moni kwa mayi. Tikiti imodzi inkabala ina, chaka chinkabala zaka, makalata ankayamba kutalikirana mpaka kuleka. Awa ndiwo matchona, ndipo komiti ya Lacey idawatchula kale mu 1935 ngati chilonda chachikulu cha m'midzi. Si onse adatchona chifukwa cha manyazi. Ena adapeza mabanja ndi moyo wabwino kumeneko. Koma ambiri chidawatsekera njira ndi chomwe chija chidavuta Gwenembe, kuopa kuima pambali pa mbale wako pamaso pa mbumba uli chimanjamanja. Kumudzi mkazi ankadikira zaka, kenaka ankhoswe ankakhala pansi n'kumumasula kuti akwatiwe kwina. Mbale wobwerera uja ndiye ankatsala ndi ntchito yoyankha mafunso a mayi wokalamba chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri ankamuikira kumbuyo mnzakeyo, n'kumati ali bwino, ntchito yamuchuluka, abwera dzinja likatha.

Ana ndi adzukulu a matchonawa alipo mpaka lero m'matauni a migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, ku Kadoma, ku Shamva, ku Mbare mumzinda wa Harare. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri mwa iwo opanda dziko, osawerengedwa ngati Azimbabwe pamene ku Malawi sadapondeko, kufikira malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 adatsekulira njira obadwira komweko amene makolo awo adachokera m'maiko oyandikana nawo. Chichewa chawo chasakanizika ndi Chishona, koma gule amavinabe, ndipo ambiri amasungabe maina atatu amene agogo awo adawasiyira: la boma, la mfumu yaikulu ndi la mudzi. Ena mwa iwo amakwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, njira yomwe ija, n'kukatsika ku Dedza kapena ku Mwanza atagwira kapepala ka mainawo, kufunsa ngati kudakali wina wokumbuka mnyamata amene adachoka ndi mbale wake nthawi ya Ulere.